UKAYENDA SIYA PHAZI: ZA MAPAZI AMENE ALI PA MWEZI



Mwezi wa Julaye ku Thyolo ndi mwezi wachisanu. Chiperoni chikabwera chimakuta minda ya tiyi masiku awiri kapena atatu osalekeza, ndipo wopita kukadulira tiyi amalawira atafunda thumba kumutu, mapazi akumira m'matope ofiira. Lolemba pa 21 Julaye 1969, nthawi ili 4:56 m'bandakucha pa wotchi ya kuno kwathu, pamene antchito a m'maesiteti a Satemwa, Naming'omba ndi Conforzi amakhala akukoleza moto, ndiponso pamene amuadhini a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amakhala akuitanira swala ya Subuhi, munthu wina wa ku America dzina lake Neil Armstrong anatsika pa makwerero a chombo chake n'kuponda phazi lamanzere pa mwezi. Pa kalendala yathu unali mwezi wa Jumada al-Ula, chaka cha 1389.

Maiko ena anaonera zimenezi pa wailesi ya kanema. Ife kuno tinalibe, pakuti Television Malawi inadzayamba mu 1999. Nkhaniyi inatifika ndi khutu, kudzera pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pakamwa pa anthu. Ndiye monga mudziwa, nkhani yoyenda pakamwa imaonda kwina n'kunenepa kwina. Mpaka lero pali magulu awiri pakati pathu. Ena amati zonsezi ndi bodza la azungu, palibe anafikako ku mwezi. Ena amati anafikadi, ndipo Armstrong ali komweko anamva adhana, pobwerako n'kulowa Chisilamu. Ana athu amamva zina kusukulu, zina kumadrasa, zina pakhonde, ndipo akafunsa kholo amafuna yankho limodzi loona. Tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

Zomwe zinachitika

Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Kuti timvetse, ndi ngati kuyenda nyanja yathu kuchokera ku Mangochi mpaka kumathero ake kumpoto maulendo oposa 600. Chombo cha Apollo 11 chinanyamuka ku Florida pa 16 Julaye 1969 ndi anthu atatu. Michael Collins anatsala m'chombo chachikulu akuzungulira mwezi, pamene Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera ndi kachombo kakang'ono pa chigwa chotchedwa Mare Tranquillitatis. Anakhala panja maola awiri ndi theka okha, natola miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 21 ndi theka, ndipo onse atatu anabwerera amoyo pa 24 Julaye.

Ulendowu sunali umodzi wokha ayi. Pakati pa 1969 ndi 1972 zombo zisanu ndi chimodzi zinatera pa mwezi, Apollo 11, 12, 14, 15, 16 ndi 17, ndipo anthu 12 anayendapo. Onse pamodzi anabweretsa miyala ndi dothi makilogalamu 382. Sinali ntchito yamasewera. Pa 27 Januwale 1967 anthu atatu, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee, anapsa ndi moto m'chombo poyeserera chisananyamuke, ndipo mu 1970 a m'chombo cha Apollo 13 anabwerera panjira, thanki ya mpweya itaphulika, napulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Womaliza kuchotsa phazi pa mwezi anali Eugene Cernan, pa 14 Disembala 1972. Asanakwere makwerero anagwada n'kulemba ndi chala pafumbi zilembo zoyamba za dzina la mwana wake wamkazi.

Chifukwa chiyani mapaziwo sakufufutika?

Mayi wothyola tiyi ku Thyolo akaponda m'mzere m'mawa, pofika madzulo mvula imakhala itafafaniza phazi lake. Msodzi akaponda pamchenga ku Makanjira kapena ku Senga Bay, mwera ukangokuntha mafunde amalitenga. Pa dziko lino mphepo, madzi, udzu ndi chiswe sizilola phazi kukhalitsa.

Pa mwezi palibe chilichonse mwa zimenezi. Kulibe mpweya, motero kulibe mphepo, kulibe mitambo, kulibe mvula. Komanso fumbi lake n'losiyana ndi lathu. Mchenga wa kunyanja ndi wosalala chifukwa madzi akhala akuupera kwa zaka zosawerengeka, n'chifukwa chake ukauma sugwira phazi, umangogumukira mkati. Fumbi la pa mwezi linapangika pamene miyala yochokera mumlengalenga inkamenya ndi kuphwanya nthaka, ndipo timibulu take n'tosongoka ngati galasi losweka. Tikapondedwa timalumana, n'kusunga mizere yonse ya pansi pa nsapato ngakhale kulibe dontho la madzi. Amene anapitako anati linkamatirira zovala ngati makala opera, ndipo atalowa nalo m'chombo linkanunkha ngati wonga wamfuti.

Chithunzi chotchuka chija cha phazi limodzi pafumbi, chimene ana amachiona m'mabuku asukulu, si phazi la Armstrong. Ndi la Aldrin, ndipo anajambula yekha pofuna kuti akatswiri aone mmene dothilo limagonjera likapondedwa. Anaona kuti phazi linkangolowa pang'ono. Pajatu pa mwezi chinthu chimapepuka kasanu ndi kamodzi, kotero thumba la chimanga la makilogalamu 90 lingamveke ngati la makilogalamu 15.

Komabe palibe cholengedwa chamuyaya. Timiyala ting'onoting'ono tonga fumbi timagwa pa mwezi usiku ndi usana, n'kumatakasa nthaka pang'onopang'ono. Tsiku lina mapaziwo adzatha ndithu, koma padzapita zaka zikwizikwi.

Kwa amene amati ndi bodza

Kukayika si tchimo, makamaka kwa anthu amene ananamizidwapo kambiri ndi alendo. Koma wokayika wabwino amafunsa umboni, ndipo umboni ulipo.

Choyamba, ulendowu unali mpikisano pakati pa America ndi Soviet Union. A ku Soviet Union ndiwo anayamba kutumiza chombo mumlengalenga mu 1957, n'kutumizanso munthu woyamba, Yuri Gagarin, pa 12 Epulo 1961. Anali ndi zida zotsatira zombo za mdani wawo. Chikanakhala chinyengo, iwo akanayamba kuulula, koma sanatsutse.

Chachiwiri, a Apollo 11, 14 ndi 15 anasiya pa mwezi timagalasi tobweza kuwala. Akatswiri a maiko osiyanasiyana amawombera kuwala kwamphamvu kotchedwa laser pa timagalasito, kuwalako n'kubwerera patapita masekondi awiri ndi theka. Ndi njira imeneyi anapeza kuti mwezi ukutalikira dziko ndi masentimita pafupifupi 3.8 chaka chilichonse.

Chachitatu, chombo chojambula chotchedwa Lunar Reconnaissance Orbiter, chimene chinatumizidwa mu 2009, chinatsika kufika makilomita 21 kuchokera pa nthaka ya mwezi mu 2011 n'kujambula malo amene anatera a Apollo 12, 14 ndi 17. Pazithunzipo pakuoneka miyendo ya zombo zimene anasiya, ndi tinjira takuda timene anaponda, tokhotakhota ngati tinjira topita kumjigo. Wina angati chombocho n'cha America yemweyo. Chabwino, koma mu 2021 chombo cha dziko la India, Chandrayaan-2, chinajambulanso malo a Apollo 11 ndi 12, ndipo zotsalazo zinaoneka.

Ena nkhawa yawo ndi ya chipembedzo. Amati mwezi umene timauyang'ana kuti tiyambe Ramadhani ndi kumasula pa Idi ungapondedwe bwanji ndi nsapato? Abale, mwezi ndi cholengedwa cha Allah monga phiri la Thyolo ndi nyanja ya Malawi. Sitiupembedza, timawerengera nawo masiku. Msodzi akaoloka nyanja, nyanjayo siichepa ulemu, ndipo mwezi ukuonekabe pa nthawi yake monga unkachitira 1969 isanafike.

Nanga za adhana ija?

Nkhani iyi ndi yokoma kuimva, n'chifukwa chake inafala. Imati Armstrong ali pa mwezi anamva mawu achilendo, ndipo patapita zaka, ali mumzinda wa Cairo, anamva adhana n'kuzindikira kuti ndi mawu omwe aja, basi n'kulowa Chisilamu. Inayenda m'maiko ambiri a Chisilamu kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo masiku ano ikuyendabe pa mafoni.

Nkhaniyi si yoona. Mwini wake anaikana kangapo ali moyo. Mu 1983 unduna woona za maiko akunja ku America unachita kutumiza uthenga kwa akazembe ake m'maiko a Chisilamu wofotokoza mwaulemu kuti Armstrong sanalowe Chisilamu. Buku la mbiri ya moyo wake, limene analemba James Hansen mu 2005 mwini wake atavomereza, likunenanso chimodzimodzi. Armstrong anamwalira pa 25 Ogasiti 2012 asanasinthe mawu ake. Tionjezerepo kuti mawu amayenda mumpweya, ndipo pa mwezi mpweya kulibe. Zonse zimene anthu awiriwo ankamva zinkadzera pa wailesi ya m'zipewa zawo, ndipo zimene ankalankhulana ndi anzawo apansi zinajambulidwa n'kulembedwa, aliyense akhoza kuziwerenga. Adhana inalikodi pa ola limenelo, koma inkamveka m'mizikiti ya kuno kwathu.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Armstrong anasiya phazi, koma anthu anamuikira mlomo umene sanasiye. Choopsa chake n'chakuti mwana amene wamva nkhaniyi kwa bambo ake kapena kwa mwalimu wake, tsiku lina adzafika ku sekondale n'kupeza kuti ndi yopeka. Pamenepo sadzakayika nkhani ya Armstrong yokha. Adzayamba kudzifunsa kuti mwa zonse zimene anandiuza, zoona ndi ziti? Chipembedzo chathu chimatilamula kufufuza nkhani tisanaifalitse. Akuluakulu a hadisi monga Imam Bukhari ankayenda mitunda italiitali kufunsa kuti wanena ndani, iye anamva kwa yani, nanga ndi munthu wokhulupirika kodi, ndipo nkhani yokoma yopanda gwero ankaitaya. Choonadi sichifuna mchirikizo wa bodza.

Zoona zimene tinganyadire

Ngati tikufuna dzina la Msilamu pa nkhani ya mwezi, sitisowa kupeka. Farouk El-Baz, katswiri wa miyala wobadwira ku Zagazig m'dziko la Egypt mu 1938, anagwira ntchito ya Apollo kuyambira 1967 mpaka 1972. Anali mlembi wa komiti yosankha malo oti zombo zitere, ndiponso ankaphunzitsa oyendetsa zombo kuzindikira mitundu ya nthaka akamaiona kuchokera m'mwamba. Kutanthauza kuti ena mwa mapazi aja ali pamene alipo chifukwa mwana wa mu Africa anaunika zithunzi n'kuloza malowo.

Komanso mapu a mwezi ali ndi maina a akatswiri a Chisilamu akale. Pafupi ndi pakati pa mwezi pali chidzenje chachikulu chotchedwa Albategnius, dzina la al-Battani amene anamwalira mu 929. Iyeyu anayeza kutalika kwa chaka cha dzuwa n'kuphonya ndi mphindi ziwiri zokha ndi kanthu, wopanda makina amene tili nawo lero. Chakumphepete kuli Alhazen, ndiye Ibn al-Haytham wa ku Cairo, amene anafotokoza mmene kuwala kumalowera m'diso. Kulinso Azophi, Abulfeda, Arzachel, ndi kuseri kwa mwezi al-Biruni. Ambiri mwa mainawa anaikidwa ndi akatswiri a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, povomereza kuti anaphunzira m'mabuku a anthu amenewa. Anthuwa sanatchuke ndi nkhani zakumva. Anatchuka ndi kuyeza, kuwerengera ndi kubwereza mpaka atatsimikiza.

Phazi limodzi, manja zikwi

Pa mwezi pali mapazi a anthu 12, koma ntchito ya Apollo inagwiridwa ndi anthu pafupifupi 400,000. Zovala zimene zinateteza Armstrong ku kutentha koposa madigiri 100 zinasokedwa ndi amayi atelala a ku Dover, m'chigawo cha Delaware, pa makina osokera, nsalu 21 zosanjikiza, ndipo kuphonya pang'ono kukanapha munthu. Malamulo a kompyuta ya m'chombo analukidwa ndi manja, waya ndi waya, ndi amayi ena pa fakitale ya Raytheon. Katherine Johnson, mayi wachikuda, anali m'gulu la owerengera njira ya chombo. Mutu umodzi susenza denga.

Anthu a ku Thyolo akuidziwa bwino nkhani yotereyi. Mabuku amatiuza kuti Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje mu 1891, kuti ku Thyolo tiyi anayambira pa Bandanga mu 1908, ndi kuti Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923. Maina amenewa analembedwa. Koma amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kukumba maenje, ambiri a iwo Alomwe ooloka malire kuchokera ku Mozambique pamodzi ndi Amang'anja ndi Ayao, ena akugwira thangata kuti asathamangitsidwe pamalo, maina awo sali pa chikwangwani chilichonse. Mapazi awo anapita ndi mvula ya tsiku lomwelo. Chotsala ndi minda yobiriwira ija imene mumaiona mukamadutsa pa basi kupita ku Mulanje, ndi tiyi amene wakhala akubweretsera dziko lino ndalama zakunja kwa zaka zoposa 100. Mwana akaona chithunzi cha phazi la pa mwezi, muuzeni za telala amene anasoka chovalacho. Akamamwa tiyi pofutulu, muuzeni za mayi amene anathyola masamba awiri ndi kansonga, dengu kumsana.

Wa ku Lusaka amene anasekedwa

Kuno kwathu nakonso kunali wolota za mwezi. Mu 1964, chaka chimene Malawi ndi Zambia analandira ufulu, mphunzitsi wa sayansi Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti Zambia idzapitirira America ndi Soviet Union. Anasonkhanitsa achinyamata pa famu ina kunja kwa Lusaka, nkumawalowetsa mu mgolo wa mafuta n'kuugubuduza pachitunda kuti azolowere chizungulire cha m'chombo. Anapempha bungwe la UNESCO ndalama zokwana mapaundi 7 miliyoni, koma sanapatsidwe. Atolankhani akunja anamujambula namuseka, achinyamata aja anabalalika, ndipo iye anamwalira mu 1989.

Patangopita zaka zisanu chilengezereni, mawu a Zambia anafikadi pa mwezi mwa njira ina. Armstrong ndi Aldrin anasiyako kambale kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa mauthenga a atsogoleri a maiko 73 m'zilembo zosaoneka ndi maso, ndipo umodzi unali wa Kenneth Kaunda. Nkoloso analibe chuma ngakhale zida, ndipo mgolo sungafikitse munthu kumwamba. Koma funso lake lakuti mwana wa mu Africa alekerenji silinali lopusa. Chimene chinasowa ndi sukulu, mabuku ndi zaka za masamu, zomwe zinafikitsa El-Baz pamene anafika.

Chifukwa chiyani analeka?

Chiyambire 1972 palibe munthu anapondanso pa mwezi, ndipo ena amatenga ichi ngati umboni wakuti sanapiteko. Chifukwa chake ndi ndalama. Ntchitoyi inadya madola pafupifupi 25 biliyoni a nthawi imeneyo, ndipo mpikisano utatha boma linafafaniza maulendo atatu amene anatsala. Ngakhale ku America komweko si onse anakondwa. Tsiku loti mawa Apollo 11 inyamuka, m'busa wachikuda Ralph Abernathy anafika pachipata ndi mabanja osauka ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu, kudzafunsa kuti dziko lotha kufika ku mwezi likulephera bwanji kudyetsa ana ake. Funso limenelo silinayankhidwebe.

Zimene anabweretsa zikugwirabe ntchito. Miyala ija inasonyeza kuti mwezi ndi dziko lathu n'zopangidwa ndi zinthu zofanana kwambiri, ndipo ina inasungidwa yosatsegula kudikira zida zabwino, kotero kuti chitini china cha Apollo 17 chinatsegulidwa mu 2022. Kufunika kwa kompyuta yaing'ono yokwana m'chombo kunathandiza kukulitsa luso limene lero lili m'foni ya m'thumba mwanu. Maiko enanso alowa m'bwalo. China inabweretsa dothi la pa mwezi mu 2020, ndi la kuseri kwa mwezi mu 2024, ndipo India inateretsa chombo chake mu Ogasiti 2023, zonsezi popanda munthu mkati. Pangano la maiko la 1967 limaletsa dziko lililonse kunena kuti mwezi ndi wake, ndipo mu 2020 America inakhazikitsa lamulo loti makampani ogwira ntchito ndi NASA asakasokoneze malo amene pali mapazi aja.

Chochita pakhomo

Mapazi enieniwo simungawaone kuchokera pansi pano, ngakhale ndi makina aakulu bwanji oonera kutali. Koma malo ake mukhoza kuwaona ndi maso. Mwezi watsopano ukaoneka, werengani masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo mukatha swala ya Magharibi tulukani ndi ana pabwalo kapena pagombe. Pa mbali yowalayo mudzaona mabanga akuda. Si nyanja ayi, ndi zigwa za mwala umene unasungunuka kalekale n'kuuma. Limodzi mwa mabanga akuluwo ndilo Mare Tranquillitatis, ndipo chakumphepete kwake n'kumene kuli mapazi oyamba.

Auzeni anawo zaka zake ndi maina ake. Auzeni za al-Battani ndi El-Baz, za atelala a ku Dover ndi za Nkoloso ndi mgolo wake. Akakufunsani za adhana, ayankheni mosabisa kuti nkhaniyo ndi yopeka, ndipo mwini wake anaikana. Kenaka aphunzitseni funso limene lidzawateteze pa nkhani zina zambiri zobwera pa foni, za mankhwala, za ndalama ndi za chipembedzo: wanena ndani, ndipo iye anamva kwa yani? Safunsa anadya phula.

Tikumanenso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalaam.